Mzere Wofiira Ukhale Pamwamba

Chinthu choyamba chimene Gonthi anaona kuti chasokonekera chinali mzere wofiira.

M'nyumba yosungiramo miyala munali mabokosi aatali amatabwa, osanjidwa pamashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga. M'bokosi lililonse munagona miyala yobulungira ngati nzimbe zonenepa, yothyokathyoka, imene makina oboolera anaitulutsa kuchokera pansi penipeni, pamng'alu waukulu wodutsa kunsi kwa mzindawo. Mwala ukangotuluka m'dzenje, woboola ankajambulapo mizere iwiri yoyendera limodzi, wofiira ndi wakuda, kuti aliyense wodzaugwira pambuyo pake adziwe kumene kuli mutu ndi kumene kuli miyendo. Ukagonekedwa moyenera m'bokosi, wofiira unkakhala pamwamba, wakuda pansi. Munthu akachotsa chidutswa ankaikapo kathabwa, kuti zotsalazo zisasunthe n'kutseka malowo. Koma m'mawa umenewo, m'bokosi lomaliza, mzere wofiira unayenda bwinobwino mpaka pakati, kenako unasanduka wakuda, n'kudzafiiranso kutsogolo. Chidutswa chimodzi chinagona chozondoka.

Gonthi sanali wosamva ayi. Dzinalo anamupatsa ndi achimwene ake iye akadali mwana, poti ankati munthu akangomuuza kuti aleke chinthu, makutu ake ankatsekeka okha. Tsopano anali mayi wamkulu, ndipo ntchito yake inali yoyesa miyala. Ankadula kachidutswa, n'kukapana pakati pa zitsulo ziwiri m'makina aakulu amene onse pamalopo ankangowatchula kuti chigayo, kenako n'kumakakankha pang'onopang'ono kuti aone katereredwe kake. Funso lake linali limodzi. Ilipo miyala imene ikakankhidwa imatsetsereka mwakachetechete, ndipo mng'alu wa miyala yotere umangong'amba makoma pang'onopang'ono osapha munthu. Iliponso imene imakakamira, n'kukakamirabe, kenako n'kudumpha kamodzi, ndipo imeneyo ndiyo imabereka chivomezi. Pamwamba pa mng'aluwo panali nyumba zosanjikizana zodzaza anthu, ndipo m'imodzi mwa nyumbazo munkagona mlamu wake, mkazi wa achimwene akewo, ndi kamnyamata kake.

Achimwene a Gonthi ndiwo anali woboola wamkulu. Iwo ndiwo anatsitsa mapaipi mpaka kufika pamng'alu weniweni, ndipo tsiku limene anatulutsa miyala ya m'bokosi lomaliza ndi tsiku lomwelo limene chingwe chachitsulo chinaduka n'kuwamenya pachifuwa mpaka kuwapha. Anali atamaliza kale kujambula mizere ndi kulemba manambala awo opendekeka pachidutswa chilichonse. Chakumapeto kwa bokosilo kunali chidutswa chakuda, chachifupi ngati chikhatho, chokulungidwa m'pulasitiki yoonekera kuti chisaume. Pakati pake panadutsa kamzere ka dothi losalala ngati galasi, ndipo pamenepo ndi pamene mbali ziwiri za nthaka zimakhulana. Chinali chimodzi chokha, dzenje linali litatsekedwa kale ndi simenti, ndipo chinkayenera kukhala m'nyumba yozizirayo kufikira tsiku lake. Gonthi ankachisungira kumapeto, akuphunzira kaye mphamvu ya chigayo pa zidutswa zoyandikana nacho, popeza chakudacho sichikanayesedwa kawiri.

Ananyamula chozondoka chija n'kuchiyang'anitsitsa. Sichinali cha m'bokosimo. Chinali chotuwa, chopepuka, cha m'mabokosi a kumtunda, ndipo manambala ake anali a dzanja la munthu wina. Chenicheni, cholembedwa ndi achimwene ake, panalibe. Anachibwezera monga anachipezera, natuluka panja, pamene anapeza alonda a usiku akumangirira bulangete lawo panjinga kuti azipita.

"Alonda, m'nyumba ya miyala munalowa ndani usiku?"

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Amayi, ine anandilemba ntchito yolondera akuba. Enawa si gawo langa."

"Enawa ndi ati?"

"Inu simudziwa mayendedwe a achimwene anu? Jombo lija la kumanzere, la kachitsulo kogwedera kuchidendene. Khwa, ti. Khwa, ti. Geti ndinkawatsegulira ndine m'mawa uliwonse, ndingaiwale?"

"Ndiye munapita kukaona?"

"Ndinaona mkati mwa bulangete langali. Munalibe munthu."

"Wakuba akadziwa kuti mlonda ndinu, sangavutike n'kunyamula chikwanje," anatero Gonthi.

"Nyozani, amayi, poti kwacha."

Pofika masana nkhani inali itazungulira malo onse. Kukantini ankanong'onezana kuti malemu akubwera kudzatenga miyala yawo umodziumodzi, ndipo kuti akadzafika pa wakudawo adzatenganso munthu. Madalaivala ankati pali zinthu za pansi zimene siziyenera kuona dzuwa. Mtsikana woyankha matelefoni analumbira kuti msuweni wake anadutsa pafupi ndi dzenje lotsekedwa lija, namva ngati wina akugogoda simenti kuchokera mkati. Gonthi ankadutsa pakati pawo ndi kapu yake ya tiyi osatembenuka. Koma sipanapite masiku ambiri, chidutswa china chinasowa, ndipo patapita nthawi chinasowanso china. Nthawi zonse pamalopo pankagona chotuwa chozondoka, ndipo nthawi zonse dzanja lobalo linkayandikira chakuda chija.

Bwana wamkulu, bambo wa magalasi okhuthala amene ankaopa chisokonezo kuposa mizimu, anamuitanira ku ofesi.

"Mayi, za majombo ine sindizimva. Chimene ndikumva n'chakuti miyala ikusowa, ndipo anthu ayamba kukana kulowa m'nyumbamo. Makiyi ali ndi ine, inu, ndi oyeretsa basi. Chikasowa china, ndikhoma mabokosi onse ndi misomali, ndiwatumize ku nkhokwe ya kulikulu."

"Kumene akakhale zaka ndi zaka akudikira pamzere, bwana?"

"Kumene akakhale osabedwa."

"Nanga anthu a m'nyumba zosanjikizana zija, nawonso muwakhomera misomali kuti adikire?"

"Ngati mukuwamvera chisoni, yesani chakudacho lero."

"Ndikafulumira ndichiphwanya pachabe. Chigayo sichinakhale monga ndifunira."

Bwanayo anavula magalasi, natikita maso. "Lilime lanulo lidzakuchotsetsani ntchito tsiku lina."

"Likamadzandichotsetsa ndidzakhala nditachiyesa."

Madzulo, mlamu wake anabwera ndi chidebe ndi tsache. Analembedwa ntchito yoyeretsa pamalopo mwamuna wake atamwalira. Anali mkazi wofatsa, wochepa mawu, ndipo masiku amenewo anali ataonda moti yunifomu inkangolendewera pamapewa. Anagwada kusesa ufa wotuwa umene unkagwa pansi pa chigayo, ndipo anausesa modekha kwambiri, ngati munthu woopa kudzutsa khanda.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "bwanji osangowasiya apume?"

"Ndani? Miyala kapena achimwene?"

"Onse. Mwana akuwalota usiku uliwonse. Akuti amangoima pakhomo osalankhula."

"Ndiye si iwo. Achimwene osalankhula munawaona liti inu? Ngakhale m'tulo ankakalipira mapaipi."

Mlamuyo anaseka pang'ono osafuna, kenako anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mulibe mantha inu."

"Ndili nawo. Koma ndikawaika pasikelo pamodzi ndi nyumba mukugonamo ija, akupepuka."

Usiku umenewo Gonthi sanapite kwawo. Anazimitsa magetsi m'chipinda cha chigayo, nakhala pampando kuseri kwa chitseko, tochi ili m'manja. Nyumba ya miyala inali kumapeto kwa mpita wautali wa pakati pa zipinda, pafupi ndi khomo la kuseri. Mdima unagwira moti sankatha kuona ngakhale mawondo ake. Makina oziziritsa ankang'ung'udza chapansipansi osapuma. Pompi ina inkadontha m'sinki, tho, tho, tho, ndipo malata ankalira apo ndi apo pamene ankazizira. Anamvetsera zimenezi kwa nthawi yaitali, mpaka anayamba kuziwerengera monga anzake ochezera nawo. Kenako, pakati pa dontho limodzi ndi linzake, panalowa phokoso lina.

Khwa, ti. Khwa, ti.

Linali lomwelo. Linali phokoso limene linkafika pakhomo pake madzulo a malipiro, achimwene ake akubwera kudzamuseka kuti wakhalira kupera miyala ngati mfiti yosowa chopera. Anauza miyendo yake kuti iimirire, koma miyendoyo inasanduka ya munthu wina. Anamva chitseko cha nyumba ya miyala chikulira pang'ono, kenako thabwa likukhulika, kenako mwala ukugunda unzake mofewa. Patapita kanthawi majombowo anatuluka, napita cha kukhomo la kuseri, mpaka phokoso lawo linamira m'kung'ung'udza kwa makina.

Pamene mawondo anavomera, anathamangirako ndi tochi. Munalibe munthu. Mumpweya wozizirawo munatsala fungo la girisi ndi thukuta lakale, fungo la ovololo imene ankaidziwa bwino. M'bokosi lomaliza, chidutswa chogundana ndi chakuda chija chinali chitapita, ndipo pamalo pake panagona chotuwa, wakuda pamwamba, wofiira pansi.

Anakhala pasimenti yozizira, manyazi akumuotcha kumaso chifukwa cha miyendo yake. Anayang'ana mzere wozondokawo nthawi yaitali, ndipo pang'onopang'ono anakumbukira tsiku loyamba limene anathandiza achimwene ake kulongedza miyala kudzenje. Anagoneka chidutswa chimodzi chozondoka. Achimwenewo sanamumenye, koma anamukhuthulitsa bokosi lonse, namumanga maso ndi mpango, namugwiritsa chidutswa chilichonse mpaka dzuwa kupendeka. "Mwala uli ndi mutu, Gonthi," ankatero. "Mano a choboolera amasiya timikwingwirima, ndipo pothyoka pamakuuza mnzake ndi uti. Ngakhale magetsi atazima, chala chako chizidziwa." Munthu ameneyo anathamangitsapo wothandizira wake chifukwa cha mwala umodzi wozondoka. Munthu ameneyo akanatha kuiwala dzina la mlongo wake kumanda, koma osati wofiira pamwamba.

Woyenda usikuyu ankabwera wopanda nyale, choncho sankasiyanitsa wofiira ndi wakuda, ndipo chala chake sichinkadziwa kanthu. Komanso majombo aja ankakokedwa kwambiri, ngati akumukulira wovalayo.

"Majombo ndi awo," anatero Gonthi chamumtima, "koma miyendo ndi ya wina."

M'mawa anapita yekha kukauza bwana kuti china chasowa. Bwanayo sanakweze mawu.

"Kalipentala abwera mawa m'mawa ndi misomali."

"Ndiye usiku uno ndi wanga."

"Ndikakuletsani mumva?"

"Dzina langa mukulidziwa, bwana."

Tsiku lonselo analimbana ndi chigayo, akumanga apa n'kumasula apo, mpaka chinayamba kukankha mofanana monga ankafunira. Dzuwa litalowa, onse atapita, analowa m'nyumba ya miyala, nadzikhomera mkati. Anatola chidutswa chakuda n'kuchifungatira m'jekete, ndipo chifukwa cha phuma sanaikepo kathabwa pamalo pake. Anakhala pansi kuseri kwa shelefu yoyang'anizana ndi bokosi lomaliza, nazimitsa tochi.

Kuzizira kunayamba kumapazi, kunakwera m'miyendo, n'kudzakhazikika m'chiuno. Mdima wa m'nyumbamo unali wolemera kusiyana ndi wa dzulo, popeza munalibe ngakhale windo. Matabwa a mashelefu ankalira okha chifukwa cha kulemera kwa miyala, ndipo nthawi zina zinkamveka ngati miyalayo ikutembenuka m'tulo. Gonthi analuma kolala ya jekete kuti mano asagundane. Mwala wa pachifuwa pake unali wozizira ngati dzanja la munthu amene wasamba m'mawa wa chisanu.

Khwa, ti. Khwa, ti.

Ulendo uno Gonthi anali atauza miyendo yake kuti ntchito yawo ndi kukhala chete basi. Kiyi inalowa m'loko mosamala. Chitseko chinatseguka, ndipo fungo la girisi linalowa patsogolo. Majombo anadutsa pafupi kwambiri moti akanatha kuwakhudza. Anamva munthu akupuma mofulumira, kenako dzanja likupapasa m'mphepete mwa bokosi, likudutsa chidutswa ndi chidutswa, mpaka linafika pamalo opanda kanthu paja. Pamenepo linaima, ndipo mpweya wa munthuyo unaima nawo.

"Achimwene," ananong'ona Gonthi mumdimamo, "ngati ndinu, ndiuzeni. Mwala mwagwirawo, mutu wake uli kuti?"

Mwala unagwa pasimenti, n'kugubuduka. Gonthi anayatsa tochi.

Mlamu wake anaima pamenepo atavala ovololo ya mwamuna wake, yopindidwa kambirimbiri m'manja ndi m'miyendo, mapazi ake atamira m'majombo aakulu. Sanathawe. Anangophimba maso ndi mkono, natsetsereka pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi.

"Zimitsani, alamu."

"Sindizimitsa. Ndakhala mumdima mokwanira chifukwa cha inu. Mwana mwamusiya ndi yani?"

"Ndi aneba."

"M'nyumba ya pamng'alu. Inu muli kuno mukuba yankho lake."

"Sindikuba," anatero mlamuyo, ndipo mawu ake, ngakhale anali onong'ona, anali ndi ukali umene Gonthi anali asanaumvepo. "Ndi zake. Zimenezi ndi zomaliza kugwira manja ake. Inu mumazipera tsiku ndi tsiku, ndipo wosesa ufawo ndine. Mukudziwa kuti mu ufa umene uja ndimapezamo inki yofiira? Ndimamusesa mwamuna wanga, alamu, ndimamuolera m'chidebe, n'kukamutaya kudzala pamodzi ndi makoko a malalanje. Kalata sanandilemberepo munthu uja chikwatirane. Dzanja lake lili pamiyala yokhayi."

Gonthi anatsitsa tochi kuti isamuthobwe m'maso.

"Nanga majombowa?"

"Ndinkafuna alonda asatuluke. Kenako nditaona kuti anthu akuopa, ndinati mwina nanunso muopa, musiye."

"Ine?"

"Ndinaiwala kuti ndinu Gonthi."

"Munatsala pang'ono. Dzulo munandikhalitsa pampando ngati nkhuku yonyowa, ndipo zimenezo sindidzakukhululukirani msanga." Anasendera pafupi, natulutsa chidutswa chakuda m'jekete. "Tamverani, alamu. Achimwene sanatsike ndi mapaipi kufika kumene anafikako kuti mwalawu ukagone kunsi kwa pilo. Anautulutsa kuti ufunsidwe. Ukapanda kufunsidwa, ndiye kuti chingwe chija chinawaphera chabe. Mawa kalipentala akhoma zonsezi, ndipo mwana wanu adzamera ndevu akugonabe pamwamba pa chinthu chimene palibe akuchidziwa."

"Ndiye mumuperanso."

"Chigayo chimadya zamkati. Khungu la mwala sichilifuna, ndinkangolisiya pamwalapo chifukwa palibe anandiuza kuti lili ndi mwini. Dzukani mukaone."

Mlamuyo anavula majombo aja, nawasiya pafupi ndi chitseko, mkati mwa nyumba ya miyala, natsala ndi masokosi. Anati atembenuze zotuwa zija, koma Gonthi anamugwira dzanja.

"Zisiyeni chozondoka chomwecho. Bwana azione ndi maso ake mawa, adziwe zachilendo ndi ziti. Zenizenizo muzibweretsa, ndipo ndikalankhula naye ndine."

Anatuluka. Gonthi anakhoma chitseko, nalandira kiyi ya oyeretsa, naika makiyi onse awiri m'thumba la jekete. Anakhomanso khomo la kuseri ndi mpiringidzo.

M'chipinda cha chigayo anayatsa nyale imodzi ya patebulo. Anamasula pulasitiki, naika chidutswa chakuda pa sowo ya miyala, nasenga mosamala khungu la mbali imene panali manambala opendekeka ndi mizere iwiri. Linachoka lopyapyala, lopindika ngati khoko la dzira. Analipukuta, naliika m'manja mwa mlamu wake. Mayiyo analiyang'ana, nayendetsapo chala.

Ntchito yokonza chotsalacho inatenga nthawi. Gonthi anachidula, anachipana pakati pa zitsulo, anamangirira timawaya tomvetsera, mlamu wake akumuunikira ndi tochi pamene nyale sinkafika. Usiku unali utapita kutali pamene anamanga bawuti yomaliza. Anatambasula dzanja kuti ayatse makina.

Khwa, ti.

Dzanja lake linaima m'malere. Onse awiri anayang'ana pansi nthawi imodzi, pamapazi a mlamuyo, amene anaponda simenti ndi masokosi okha.

Khwa, ti. Khwa, ti.

Phokosolo linkachokera kumapeto kwa mpita, kuseri kwa chitseko chokhoma. Silinkakokedwanso. Linali lolemera, lofulumira, la munthu amene majombowo akumukwana ndipo akudziwa kumene akupita. Gonthi anagwira thumba la jekete, namva makiyi awiri ali momwemo.

"Alamu," ananong'ona mlamuyo, zikhadabo zake zikulowa m'mkono wa Gonthi, "tisiye. Chonde tisiye."

Gonthi anaimirira, ndipo ulendo uno miyendo inamvera. Anayenda mpaka pakhomo la chipindacho, nayang'ana mumdima wa mumpita, nalankhula ndi mawu amene ankayankhira achimwene ake akadali moyo.

"Ngati mwabwera kudzandiletsa, dzina munandipatsa ndinu. Ngati mwabwera kudzagwira ntchito, bokosi lomaliza lasokonekera."

Majombo anaima. Pompi inadontha kamodzi, n'kudonthanso. Kenako kunamveka mwala ukunyamulidwa pathabwa, n'kuikidwa pena mofewa koma motsimikiza, ndipo pambuyo pake unzake.

Gonthi anabwerera, nayatsa chigayo.

Makinawo anang'ung'udza, nayamba kukankha pang'onopang'ono moti diso silikanaona. Pakompyuta panaoneka kamzere kakukwera, kusonyeza mphamvu imene inkaunjikana pamwalawo. Gonthi anafotokozera mlamu wake monong'ona kuti mwala ukakhala wotsetsereka, kamzereko kafika pena n'kugona chammbali osavutanso. Anayang'ana onse awiri, misana yawo itatembenukira kumpita, ndipo palibe anacheuka. Kamzereko kanakwera, n'kukwerabe. Mwalawo sunasunthe.

Tha.

Kanali kaphokoso kakang'ono, ngati kamtengo kouma kathyoka, koma kapu ya patebulo inanjenjemera. Kamzere kaja kanagwa kamodzi, kenako kanayambanso kukwera. Patapita nthawi kunamvekanso, tha. Mwalawo unkakakamira n'kudumpha, kukakamira n'kudumpha.

"Ukuti chiyani?" anafunsa mlamuyo.

"Ukuti mukatenge mwana. Lero mugona kwanga, ndipo ena onse a m'nyumba zija amva kwa bwana, afune asafune."

Kunja kutayamba kuyera, ku nyumba ya miyala kunali kutakhala chete kalekale. Anapita onse awiri, Gonthi patsogolo. Loko inali yokhoma monga anaisiyira, ndipo mpiringidzo wa kuseri unali m'malo mwake. Anatsegula, nayatsa magetsi.

Majombo sanali pafupi ndi chitseko. Anaima moyandikana pansi pa bokosi lomaliza, zala zake zitaloza kushelefu. M'bokosimo munalibenso chotuwa ngakhale chimodzi. Gonthi anakoka mabokosi a kumtunda, napeza chilichonse chitabwerera kwawo, wofiira pamwamba, ngakhale chija chinagubuduka pasimenti. M'bokosi lomaliza, pamalo onse osowa panali timatabwa, kuphatikizapo pamalo a chakuda paja pamene iye anaiwala kuikapo. Ndipo pamwamba pa timatabwato panadutsa mzere wofiira wowongoka, wolumikiza mwala ndi mwala, kuyambira kumutu kwa bokosi mpaka kumapeto, osaduka paliponse.

Mlamuyo anafungatira khungu la mwala lija pachifuwa, nabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. Gonthi anatambasula chala, nakhudza mzerewo pakathabwa komaliza. Chalacho chinabwerako chofiira.

Panja panamveka njinga ya kalipentala ikulowa pageti, misomali ikulira m'chitini. Gonthi sanapukute chalacho. Anakoka mpando, naukhazika pakhomo la nyumba ya miyala, nakhalapo kuwadikira.